Kupanga wekha mtovu wa mbedza ndi zolemetsera mono

Wa ku Kawale:
Akuluakulu, mtovu wa mbedza wakwera mtengo, ndipo ku damu la Kamuzu ku Malingunde umatsalira m'miyala pafupipafupi. Ndingaupange bwanji pakhomo? Nanga mono wa nkhanu ndiulemetse ndi chiyani kuti madzi asaukokolole?

Wa ku Area 25:
Achimwene, pitani kwa okonza matayala ku Malangalanga mukapemphe timitovu takale ta m'marimu. Tolembedwa Zn kapena Fe musatenge, si mtovu. Mtovu umasungunuka pa madigiri 327, choncho mbaula ya makala ikwanira. Sungunulirani m'chitini chachitsulo, panja, mphepo ikuchokera kumsana kwanu. Chikombole boolani pathabwa louma, muimike msomali pakati kuti patsale bowo la chingwe. Chikombolecho chiume gwa! Kadontho kamodzi ka madzi kamaphulitsa mtovu n'kukuthovukirani kumaso. Mtovu wa m'batire usiyeni, muli asidi. Ana akhale kutali, chitinicho chisalowenso kukhitchini, ndipo sambani m'manja ndi sopo.

Wa ku Likuni:
Pa mono musawononge mtovu, bambo. Sakanizani kapu imodzi ya simenti ndi makapu 2 a mchenga, thirani m'botolo lapulasitiki lodula pakati, muzikemo waya wopinda ngati khutu. Muzinyowetsa masiku 7, apo ayi imanyenyeka. M'madzi simenti imapepuka kwambiri, ndiye pangani ziwiri, mumange pansi pa mono mbali zonse, usagubuduzike.

Wa ku Biwi:
Mukafuna nyambo yonamizira ya ncheni ku Senga Bay, ikani khosi la mbedza m'chikombole musanathire mtovu. Ukazizira mangani nthenga 3 zoyera za nkhuku ndi ulusi, mudonthezere guluu. Nthenga zikatalika kwambiri kupitirira mbedza, nsomba imangoluma mchira n'kuthawa.