Kodi ndigule kamtengo ka cherry kobzala pakhomo?

Nabanda: Abale, Loweruka ndinapita ndi ana ku paki ya The Meadows kuno ku Edinburgh. Mitengo ya cherry yachita maluwa njira yonse ya Jawbone Walk, pinki yekhayekha. Mphepo itaomba, maluwa anagwera m'tsitsi la mwana wanga wamng'ono, iye n'kukana kuti ndimuchotse. Mtima wanga watsala komweko. Kogulitsa mbande ndapezako kamtengo kamtundu wa Kanzan pa mapaundi 45. Ndigule?

Bambo a Tadala: Achemwali, nyumbayo ndi yanu kapena ya lendi? Kanzan amakula mpaka mamita 8 kapena kuposa, ndipo mizu yake imayenda pamwambamwamba. Ine ndinabzala pafupi ndi kanjira kolowera kukhomo, lero masilabu onse anatukuka. Kuchotsa chitsa kunandidyera ndalama zoposa zomwe ndinagulira mtengowo.

Nabanda: Ndi yathu achimwene, tinagula chaka chatha. Koma kuseriko n'kochepa.

Nangozo: Ine ndiye ayi. Maluwawo amatha masabata awiri okha, mvula ikagwa ndi mphepo ngakhale sabata sakwana. Kenako miyezi yonseyo mukungosesa masamba. Chipatso palibenso, Kanzan sabala zoti munthu n'kudya. Kwathu ku Dedza mapichesi amachita maluwa apinki omwewo, pamapeto pake ana n'kudya. Gulani plum wa Victoria, kuno amabala bwino. Cherry mukaonere ku paki, n'zaulere.

Make Chisomo: Anangozo, si mtengo uliwonse womwe timaufunsa zipatso. Jakaranda wa ku Blantyre uja ndani anadyapo? Koma Okutobala akafika aliyense amaima n'kuyang'ana. Ine nyengo yozizira ya kuno imandilemera kwambiri, mdima 4 koloko, kupita kuntchito kuli mdima, kubwerako kuli mdima. Ndikaona mphukira zoyamba pa kamtengo kanga pawindo la kukhitchini, ndimadziwa kuti tapulumuka chaka china. Ku Japan anthu amayala mphasa pansi pa mitengoyi n'kudya limodzi, amati hanami, ndipo kusachedwa kufota kwa maluwawo n'komwe kumawasonkhanitsa.

Bambo a Tadala: Ngati mtima wagwa pamenepo, funani mtundu wa Amanogawa. Umakula choongoka ngati mzati, sutambalala, ndiye woyenera malo ochepa. Musagule pano maluwa ali pachimake. Dikirani pakati pa Novembala ndi Malichi, amagulitsa mbande zozula zopanda dothi, zimatsikirako mtengo ndipo zimagwira bwino. Kudulira nthambi muzichita m'chilimwe, m'nyengo yozizira mabala ake amalowetsa matenda.

Nangozo: Ine ndikadali pa plum. Koma mukabzala, mutalikitse ndi khoma la aneba.

Nabanda: Zikomo nonse. Kanzan uja ndamusiya. Mawa ndiyeza kuseriko ndi tepi, ndione ngati Amanogawa ndi plum angakwane onse. Amene muli pafupi, Lamlungu tikatuluka ku tchalitchi tikumane ku The Meadows maluwa asanagwe. Ine ndibweretsa mandasi ndi tiyi m'fulasiki.