Zipinda za agogo ndi achimwene: tepi kaye, dipoziti pambuyo

Achemwali: Mwaswera bwanji nonse. Hotela ija yayankha. Zipinda 6 zilipo pa masiku athu onse 5, ndipo akuti ziwiri mwa izo ndi za anthu oyenda pa njinga za anthu aulumali. Dipoziti akuifuna pofika Lachisanu. Ndilipire?

Achimwene aakulu: Dikirani kaye achemwali. Mawu akuti chipinda n'choyenera anthu aulumali hotela iliyonse imawamva mwakemwake. Ena amangotanthauza kuti chipindacho chili pansi. Ena anakhoma chitsulo chimodzi pambali pa chimbudzi n'kuyesa kuti amaliza. Ndalama isanapite tikufuna manambala, ndipo munthu wa kumeneko atenge tepi akayeze ali m'chipindamo.

Amalume: Ndikugwirizana nazo. Koma tiyambe ndi manambala athu, chifukwa sungafunse khomo usakudziwa kukula kwa cholowapo. Njinga ya amayi ndi yayikulu bwanji?

Mayi aang'ono: Ndayeza pompano. M'lifupi 64 cm, kuchokera pa mkombero wogwira poyendetsa wa mbali ino kufika wa mbali inayo. Pokhalira, ndi khushoni yomwe, ndi 50 cm kuchokera pansi.

Achimwene aakulu: Yanga yamagetsi ndi 66 cm m'lifupi, 110 cm m'litali kuphatikiza zopondera mapazi. Kulemera kwake ndi 130 kg popanda munthu. Choncho za kunyamula pa masitepe tisaziwerengere n'komwe, ngakhale sitepe imodzi.

Msuweni: Ndiye khomo la 70 cm likwana onse awiri?

Achimwene aakulu: Pa pepala likwana, koma poyenda ayi. Agogo akamadziyendetsa manja amakhala kunja kwa mateyala, zala zikhoza kupanika pa felemu. Komanso sulowa khomo molunjika nthawi zonse, nthawi zambiri umalowa ukukhota. Tifunse mpata wosachepera 80 cm. Lamulo la ku America loteteza anthu aulumali lotchedwa ADA, la 1990, miyezo yake imati mainchi 32, omwe ndi pafupifupi 81 cm, ndipo nambala imeneyi ndi yabwino kuigwiritsa ntchito kulikonse.

Mlamu: Muwauzenso kayezedwe kake. Chitseko chitsegulidwe chonse, ayeze kuchokera pa nkhope ya chitsekocho kufika pa felemu ya mbali inayo. Akayeza chitseko chenichenicho amapereka nambala yonama, chifukwa kunenepa kwa chitseko ndi mahinji zimadya 4 kapena 5 cm. Ndipo makomo ndi awiri. La kubafa kawirikawiri ndi limene limakhala lopapatiza, koma anthu amangoyeza lolowera.

Mayi aang'ono: Afunsenso kuti chitseko cha kubafa chimatsegukira kuti. Chikamatsegukira mkati, njinga ikalowa sichitsekekanso. Choopsa kwambiri, munthu akagwa n'kutsamira chitsekocho, wakunja sangathe kulowa kukamuthandiza. Chotsegukira kunja kapena chokoka cham'mbali ndiye chabwino.

Achemwali: Ndikulemba. Pitirizani.

Mlamu: Bafa ndiye mutu wa nkhani yonse. Pali mitundu itatu imene onse amaitchula dzina limodzi. Pali beseni lalikulu logonamo lija, loikidwa zitsulo zogwirira m'mbali. Limenelo silithandiza aliyense mwa awiriwa, chifukwa munthu amafunika kukweza mwendo kudutsa mpanda wake. Pali shawa yaing'ono, pafupifupi 90 cm mbali zonse, yokhala ndi mpando, yomwe munthu amasiya njinga panja n'kusamukira pa mpandowo. Imeneyo agogo ingawakwanire. Ndiye pali shawa yolowa ndi njinga yosambira, pansi pake pofanana ndi pansi pa bafa lonse, yosachepera 76 cm ndi 152 cm. Bambo a kunyumba kuno, a njinga yamagetsi aja, akufunika imeneyo, osati ina.

Mzime: Pa chithunzi cha pa tsamba lawo shawa ikuoneka yopanda mpanda alamu.

Mlamu: Chithunzi chimenecho chikhoza kukhala cha chipinda china. Komanso kamera siionetsa kachiwundo kakang'ono. Kachiwundo koposa 1.3 cm kamaimitsa timateyala takutsogolo, ndipo munthu wonyowa amatha kugwera kutsogolo. Atijambulire chipinda chenichenicho, tepi itaima pa chiwundopo.

Mayi aang'ono: Za mpando wa m'shawa, afotokoze ngati ndi wokhomedwa kukhoma kapena ndi kasitulu kapulasitiki kongoikamo. Kasitulu kopanda chotsamira kamaterera pa matailosi a sopo. Ngati ndi wokhoma, potsegulira madzi pakhale pofikika munthu ali chikhalire. Zimachitika kuti mpando uli khoma lino, mpopi uli khoma linalo. Shawa yake ikhale yogwira m'manja, paipi yake yotalika 150 cm, ndipo pokolekera pake pazitha kutsitsidwa.

Amalume: Ine nkhawa yanga ili pa chimbudzi. Amayi dzanja lamphamvu ndi lamanja, lamanzere silidalirika chidwalire chija. Zipinda za m'hotela zambiri zimamangidwa ziwiriziwiri mogundana, china chitsulo kumanja, china kumanzere. Ndiye funso likhale lakuti munthu akakhala pa chimbudzi, chitsulo chogwirira chimakhala mbali iti. Tikufuna cha kumanja.

Achimwene aakulu: Mfundo yaikulu imeneyo amalume. Kutalika kwa chimbudzi kukhale pakati pa 43 ndi 48 cm, kuti kusasiyane kwambiri ndi pokhalira pa njinga. Chikafupika, kukhala n'kosavuta koma kudzuka ndiye ntchito. Zitsulo zikhale pa 84 mpaka 91 cm, zomangidwa ndi mabauti m'khoma. Zomata ndi mphira zija zimamasuka popanda chenjezo, ndipo poyanika thaulo si pogwira. Mbali imodzi ya chimbudzi pakhale malo opanda kanthu oti njinga iime moyandikana nacho.

Msuweni: Nanga sinki?

Achimwene aakulu: Pansi pake pakhale mpata wolowa mawondo, pafupifupi 68 cm, popanda kabati. Mapaipi a madzi otentha akhale okutidwa. Munthu amene miyendo yake simva bwino amapsa osadziwa, amadzaona chilonda madzulo. N'chimodzimodzi madzi a m'shawa, asapitirire madigiri 49, ndipo wothandiza ayambe wawayesa ndi dzanja lake.

Achemwali: Chabwino. Bafa latha. Chipinda chogona?

Mlamu: Bedi. Apa ndi pamene maulendo ambiri amasokonekera, chifukwa ngakhale miyezo ya ADA siinena kutalika kwa bedi. Mahotela amakonda matiresi onenepa, bedi n'kufika 70 cm kapena kuposa. Munthu wokhala pa 50 cm sangakwere phiri la 20 cm ndi manja okha. Tikufuna pakati pa 50 ndi 58 cm kuchokera pansi kufika pamwamba pa matiresi. Likatalika, tifunse ngati angachotse chapansi chija kapena kusintha miyendo, ndipo avomere polemba.

Achimwene aakulu: M'chipinda changa funso lachiwiri ndi la pansi pa bedi. Makina onyamulira munthu kuchoka pa njinga kupita pa bedi aja miyendo yake imalowa kunsi kwa bedi, ndiye pamafunika mpata wa pafupifupi 15 cm. Bedi la bokosi lofika pansi, kapena lomangidwa ndi simenti, makinawo sagwira ntchito. Akati bedi silingasinthidwe, chipindacho kwa ine palibe.

Mayi aang'ono: M'mbali mwa bedi pakhale 90 cm, ndipo penapake m'chipindamo pakhale malo ozungulirira a 150 cm. Akaika mabedi awiri malo amenewa amatha. Ine ndigona ndi amayi, ndiye ayeze mabedi onse awiri ali momwemo. Mipando ndi katebulo kosafunika achotse tisanafike.

Mzime: Nditha kugona m'chipinda choyandikana ndi agogo kuti usiku ndizithandiza.

Amalume: Wachita bwino mwanawe. Koma achenjere wobukitsa. Zipinda zoyandikana ndi zipinda zolumikizana ndi zinthu ziwiri. Zoyandikana zimangogawana khoma, kuti ulowe uyenera kutuluka panja ndi kiyi. Zolumikizana zili ndi khomo pakati. Usiku munthu akaitana, khomo lapakatilo ndiye lothandiza. Nalonso aliyeze.

Msuweni: Ine ndifunse za kunja kwa chipinda, chifukwa malo ngati amenewa amakhala otambalala. Chipinda chikhoza kukhala chabwino koma kodyera kuli mamita 400, njira yake ya miyala yosweka kapena mchenga. Timateyala takutsogolo timamira. Tiwafunse kuti munthu ayende ndi foni akujambula vidiyo kuchokera poimika galimoto, kudutsa polandirira alendo, kuchipinda, kodyera, mpaka kudziwe losambira, osadula. Sitepe iliyonse iwoneke.

Achimwene aakulu: Ndipo akati pali rampu, njira yotsetsereka yokwerera njinga m'malo mwa masitepe, tifunse kutsetsereka kwake. Muyezo ndi 1 pa 12: kukwera 1 cm kulikonse kumafuna 12 cm ya m'litali. Sitepe ya 15 cm imafuna rampu ya 180 cm. Thabwa lalifupi longotsamiritsa pa masitepe limagwetsa njinga chagada pokwera. Timagalimoto tating'ono tonyamula alendo mkati mwa malowo nthawi zambiri sititenga njinga yamagetsi, choncho tisadalire timeneto.

Amalume: Zipinda ziwirizi zili pansi kapena m'mwamba?

Achemwali: Chimodzi pansi, china m'mwamba moyamba. Akuti chikepe chilipo.

Amalume: Limbikira kuti zonse zikhale pansi. Moto ukabuka chikepe sichigwiritsidwa ntchito, magetsi akazima chimaima, chikawonongeka munthu amatsekeredwa m'mwamba mpaka amisiri abwere. Ngati n'zosatheka, chikepecho chikhale chosachepera 110 cm ndi 140 cm mkati, khomo lake 90 cm, ndipo atiuze ngati ali ndi mpando wotsitsira munthu pa masitepe komanso antchito odziwa kuugwiritsa ntchito usiku womwe. Cha pansicho chikhale cha njinga yamagetsi, chifukwa imeneyo palibe angaitsitse.

Mlamu: Zing'onozing'ono zisaiwalike. Soketi pafupi ndi bedi yotchajira njinga usiku wonse. Mahotela ambiri magetsi a m'chipinda amazima ukachotsa khadi la kiyi pakhoma, ndiye tipemphe khadi lachiwiri kapena soketi yosazima. Firiji ya mankhwala a shuga a agogo, yosunga pakati pa madigiri 2 ndi 8, nayonso isazime ndi khadilo, ndipo mankhwalawo asagunde kumbuyo kumene kumaundana. Kapeti yonenepa imatopetsa manja, matailosi kapena kapeti yopyapyala ndi bwino. Khomo lopita pakhonde limakhala ndi kanjanji kokwera pansi, nako kayezedwe.

Mzime: Agogo anena kuti akufuna kulowa m'madzi, osati kungoonerera.

Mayi aang'ono: Alowa ndithu. Tifunse ngati dziwe lili ndi mpando wotsitsira munthu m'madzi, ndipo ngati ukugwira ntchito sabata ino, chifukwa ambiri amakhalapo batire itafa. Apo ayi, polowera potsetsereka pang'onopang'ono pokhala ndi chitsulo chogwira. Za kumchenga, pali njinga za mateyala aakulu ofewa zimene sizimira. Ngati ali nayo, imasungitsidwa nthawi isanakwane. Njinga yathu isalowe m'madzi kapena mumchenga, mabeyaring'i amawonongeka.

Achimwene aakulu: Tsopano kabukitsidwe. Achemwali, mwadzera pa tsamba la intaneti logulitsa zipinda za mahotela ambiri, kapena kuhotela kwenikweni?

Achemwali: Pa tsamba. Ndinalemba m'kabokosi ka zopempha zapadera.

Achimwene aakulu: Pamenepo ndiye pamene pali dzenje. Zolembedwa m'kabokosi kameneko ndi pempho chabe, hotela imakwaniritsa ngati chipinda chapezeka tsikulo. Zipinda zotere zimakhala zochepa, mlendo wina akawonjezera masiku basi chapita. Zipinda zinayi zinazo zikhoza kutsala pa tsambalo. Ziwirizi tibukitse mwachindunji. Imbani kuhotela kwenikweniko, osati nambala ya likulu la kampani, chifukwa wa kulikulu chipindacho sanachionepo. Mufunse woyang'anira polandirira alendo kapena woyang'anira zokonza m'zipinda. Amene amakonza m'zipinda ndi amene amadziwa bedi lililonse.

Amalume: Mukamaliza kulankhula, zonse zibwere pa imelo: nambala ya chipinda, miyezo, mawu akuti chipindacho chatsekeredwa ife ndipo sichisinthidwa, dzina ndi udindo wa wovomerezayo. Muwonjezere chiganizo chakuti tikafika n'kupeza zosiyana ndi zolembedwazo, ndalama za zipinda zonse 6 zibwezedwa. Popanda chiganizo chimenecho adzabweza za ziwiri zokha, ena tonse n'kutsala omangika pa malo amene amayi sangagonepo.

Mlamu: Tiimbenso kawiri, kutatsala sabata imodzi ndi kutatsala tsiku limodzi, chifukwa zipinda amagawa tsiku lofika likayandikira ndipo wogawayo akhoza kukhala munthu wina. Tsiku lofika, awiri alowe m'zipindazo ndi tepi katundu asanatsitsidwe m'galimoto. Atsegule shawa, akoke zitsulo ndi mphamvu, ayese soketi.

Msuweni: Ndifufuza hotela ina yachiwiri pafupi yokhala ndi shawa yolowa ndi njinga, kuti tikhale ndi kothawira. Ndifunsanso za poimika galimoto, kuti pambali pake pakhale mpata wa 150 cm wotsitsira munthu, ndipo pakhale pafupi ndi khomo lopanda sitepe.

Achemwali: Ndiye dipoziti ndaimika. Mawa m'mawa ndiimba ndi kuwapempha atidikire mpaka Lolemba. Mndandanda wa mafunso ndiutumiza pano usiku uno kuti muwuone usanapite. Achimwene, munditumizire kutalika kwa miyendo ya makina onyamulira aja ndi kutambasuka kwake.

Achimwene aakulu: Kutalika 11 cm pamwamba pa timateyala, kutambasuka 105 cm ikatsegulidwa yonse. Mulembe 15 cm kuti pakhale mpata.

Mayi aang'ono: Pa mndandandawo muikepo mbali ya chitsulo cha pachimbudzi pamwamba penipeni. Kumanja, munthu atakhala.

Achemwali: Ndaika nambala 1.