Sipika yoyankha, ka stick ka pa TV kapena smartwatch, chothandizadi ndi chiti?

mayi_a_mapasa:
Anthu inu tandithandizeni maganizo. Ndasunga kangachepe ndiye ndikufuna kugula chimodzi chokha pa zitatuzi, sipika zoyankha ukazifunsa zija, ka stick kobaya pa TV kuti uziwonera za pa intaneti, kapena smartwatch. TV yanga ndi yakale si smart ayi koma pa HDMI ilipo, foni ndi ya Android. Mantha anga ndi oti ndigule chinthu chosangalatsa sabata imodzi kenako chizingodzadza fumbi. Amene muli nazonu mumazigwiritsadi ntchito tsiku ndi tsiku?

kadzidzi_47:
Mayi musachedwe nkuganiza, tengani ka stick. Mumangokabaya kuseri kwa TV, kukapatsa moto, kulumikiza WiFi basi TV yakale ija yasanduka yatsopano, YouTube, Netflix, nyimbo, zojambula za ana zonse pa remote imodzi. Zilipo zambiri, Fire TV Stick ya Amazon, Roku, komanso Chromecast imene inabwera mu 2013 ngakhale Google inasiya kupanga mu 2024 nkubweretsa Google TV Streamer. Koma ndikuuzeni pasadakhale, kanthu aka kamadya data mosaona nkhope. Eni ake a Netflix amati HD imatha kufika 3GB pa ola limodzi, 4K mpaka 7GB, ndiye ngati intaneti yanu ndi yowerengera lowani mu settings mutsitse quality tsiku loyamba lomwelo anawo asanagwire remote. Ndipo musataye ndalama pa ya 4K pomwe TV yanuyo 4K siidziwa nkomwe.

Bambo_Fundi:
Ine sipika ndili nayo chaka chachitatu tsopano. Masiku oyamba tinkaifunsa zilizonse, kutalika kwa mapiri, nthabwala, ana mpaka kukanganirana. Pano ntchito yake yatsala itatu, alamu, timer ndi nyimbo. Koma pa zitatuzo sindinama imathandiza, manja ali ndi thovu la sopo ukungokuwa kuti mphindi 10 iyo nkuyamba kuwerenga osagwira foni. Vuto intaneti ikangochoka imasanduka chidole, komanso imamva zilankhulo zochepa ndiye umachita kuwongola lilime kubwereza kawiri katatu. Tsiku lina pakati pa usiku munthu wa mu filimu anatchula mawu ofanana ndi dzina lake, inayankha yokha pabalaza madam anga anadzuka ndi mtima m'mwamba kuganiza kuti mwalowa munthu kkkk. Kuyambira pamenepo tikamagona ndimadina batani lotseka maiki.

mayi_a_mapasa:
Kkkk a Fundi mwandiopseza, ndiye kuti imamvetsera zonse zomwe mukukamba m'nyumba?

Bambo_Fundi:
Maiki imakhala tcheru nthawi zonse kudikira dzina lakelo, ikalimva ndi pomwe imatumiza mawu anu ku ma server, makompyuta a kampani yake. Kungoti nthawi zina imamva molakwa ngati usiku uja. Mu app yake mumatha kuona zomwe inajambula nkufufuta.

wothamanga_mmawa:
Wotchi musayipeputse, koma zimatengera munthu. Poti foni yanu ndi Android, Apple Watch iwalani, imafuna iPhone, inu muyang'ane za Samsung, Garmin, Fitbit ndi zina zotero. Kuseri kwake kuli timagetsi tobiriwira, ndi timene timawerenga kugunda kwa mtima powunika magazi pamkono, imawerenganso masitepe ndi tulo. Zina zimazindikira munthu akagwa nkudziwitsa achibale, Apple inayamba zimenezi mu 2018, kwa okalamba okhala okha ndi chinthu chanzeru. Koma si dokotala, ikakuuzani zachilendo pitani mukapimidwe. Ine chomwe ndimaikondera nchoti foni imakhala m'chikwama, uthenga ukabwera ndimangosuzumira pamkono nkuona kuti ungadikire. Chotopetsa ndi kutchaja, zina tsiku lililonse pomwe zina zimatha sabata, funsitsani za batire musanalipire. Mlamu wanga yake inatha moto Lachisanu lina, mpaka lero ili mu drowa.

mayi_a_mapasa:
Zikomo nonse. Ine ndimaiwala ngakhale kutchaja foni ndiye wotchiyo ikakhala ngati ya alamu anuwo. Ndatsamira ku stick. A kadzidzi, kamatha kutenga moto pa USB ya TV pomwepo kapena mpaka pa soketi?

kadzidzi_47:
Pa TV zina kamayaka, koma zakale USB yake imakhala yofooka kamangozimazima pakati pa filimu. Gwiritsani adaputa yomwe kabwera nayo.