Apeza kachotupa pachiwindi cha amayi, kodi ndi khansa?

Mwana wa ku Namwera:
Abale ndithandizeni. Amayi anga, a zaka 54, anawajambula ndi ultrasound (makina oonera za m'mimba) chifukwa amamva kupweteka kumanja, pansi pa nthiti. Apeza kachotupa ka masentimita 2 pachiwindi, papepala alemba hemangioma. Adokotala akuti si khansa, koma amayi tulo sakupeza, nsima akungoitola. Adziwa bwanji osadulako kanyama?

Namwino wa ku Monkey Bay:
Pepani achemwali, mtima m'malo. Hemangioma ndi timitsempha ta magazi topiringizana, ndipo ambiri amakalamba nako osadziwa. Pa ultrasound kamaoneka kowala, malire ake oonekeratu. Kakakhala kosakwana masentimita 3, chiwindi chili bwinobwino, kujambulako kumakwanira. Adokotala akakayikira amatumiza ku Queens kukajambula ndi makina ena, a CT kapena MRI. Amabaya mankhwala mumtsempha, ndiye kachotupako kamayamba kuwala m'mphepete, pang'onopang'ono kulowera pakati. Kudulako kanyama amapewa, poopa kutaya magazi.

Bambo wa ku Makanjira:
Chemwali, akayezetsenso hepatitis B, matenda owononga chiwindi. Ikapezeka, adokotala sadalira ultrasound yokha. Muwauzenso ngati amayi amachapa kunyanja, likodzo nalo limawononga chiwindi.

Mwana wa ku Namwera:
Zikomo. Magazi sanayeze, Lolemba tibwererako.