Pa fayilo ya kasitomala, ndi madeti ati oyenera kulemba?

Nachisale: Akuluakulu, ndithandizeni. Ndangoyamba kumene ntchito yosunga mafayilo a anthu amene atumiza mapempho ku USCIS, ofesi ya boma la America yoona za anthu olowa ndi kukhala m'dzikolo, ndipo pa Excel ndili kale ndi malo 14 a madeti okhaokha: tsiku limene kasitomala anabwera, limene anasaina, limene tinatumiza, limene kalata inafika, ndi ena. Dzulo mayi wina anandifunsa kuti pempho lawo ladikira nthawi yaitali bwanji, ine n'kusowa poyambira kuwerenga. Inu mumasunga ati?

Banda: Tengani risiti ija, I-797C. Pamwamba pake pali Received Date ndi Notice Date. Loyambalo ndi tsiku limene iwo analandira pempho, ndipo ndi limene amagwiritsa ntchito mukafuna kufunsa za kuchedwa kwa fayilo. Tsiku limene munatumiza envelopu lisungeni ngati umboni chabe, musawerengere pamenepo.

Mayi Phiri: Zoona a Banda, koma deti lolembedwa pa kalata, Notice Date ija, nalo musalipeputse. Ikabwera RFE, kalata yopempha umboni woonjezera, nthawi imayamba kutha kuchokera pa deti la kalatayo, osati tsiku limene yafika m'manja mwanu. Sapereka masiku opitirira 84, kuonjezapo 3 ngati yadzera pa positi, ndipo yankho liyenera kukhala litafika kwa iwo pofika tsiku lomalizalo. Ine zinandionekerapo. Kalata inakhala milungu itatu kunyumba kwa kasitomala asanaibweretse, ine n'kulemba tsiku limene anandipatsa ngati poyambira. Mnzanga wa muofesi ndiye anazindikira kutatsala masiku asanu, ndipo tinagona pa ntchito. Chiyambire pamenepo, tsiku lomaliza ndimalikopera pa kalata penipenipo, sindiwerengera pamtima. Kalata yokana nayonso chimodzimodzi: fomu yochitira apilo, I-290B, kawirikawiri ndi masiku 30, kapena 33 ikadzera pa positi.

Nachisale: Zikomo mayi. Nanga Priority Date? Pa mafayilo anga ena ikufanana ndi Received Date, ndiye ndimati ndiichotse.

Banda: Ayi achemwali, musayerekeze. Pa I-130, pempho loitanitsa wachibale, zimafanana chifukwa ndi tsiku limene pempho linalandiridwa. Koma pa mapempho a ntchito odzera ku PERM, kumene bwana amayamba wapempha chilolezo cholembera mlendo ntchito, Priority Date ndi tsiku limene Department of Labor inalandira fomu yake, ndipo limatha kutsogola ndi miyezi yambiri. Limeneli ndiye malo a munthu pamzere wodikira viza. Mwezi uliwonse mumaliyerekeza ndi Visa Bulletin (ndandanda wosonyeza amene nthawi yawo yafika) ya Department of State, imene kuyambira Okutobala 2015 ili ndi matebulo awiri, Final Action Dates ndi Dates for Filing.

Mayi Phiri: Chinanso, a ku America polemba deti amayamba ndi mwezi. 03/04 kwa iwo ndi 4 Malichi, pomwe ife timaona 3 Epulo. Lembani mwezi m'mawu. Muonjezenso tsiku lothera chilolezo chimene munthuyo ali nacho panopa, monga pa I-94, chikalata chosonyeza nthawi imene waloledwa kukhala m'dzikolo, kapena khadi logwirira ntchito.

Nachisale: Ndamva. Ndasunga Received Date, Priority Date, deti la kalata iliyonse ndi tsiku lake lomaliza, tsiku lokadinda zala kapena la intavyu, ndi tsiku lothera chilolezo. Enawo ndawasamutsira ku manotsi. Mayi aja ndawaimbira, ndawauza kuti ndi miyezi 7.