Chofunda cha Agogo: Zigamba 80

Lolemba madzulo

Amayi aang'ono (Zomba): Mwaswera bwanji nonse? Gulu lino ndalitsegula padera dala, chifukwa pa gulu lalikulu lija pali adzukulu amene amawerengera amayi mauthenga mokweza. Amayi akukwanitsa zaka 80, ndipo tinapangana kale kuti tikakumane ku Dedza pa holide ya 6 July. Ine sindikufuna kuti tiwagulirenso mapoto, poti ena sanawatulutse n'komwe m'katoni. Ndikufuna tiwasokere chofunda cha zigamba ndi manja athu, chigamba chimodzi chaka chimodzi.

Amalume: Taswera bwino alongo. Maganizo abwino, koma tsiku layandikira. Kodi sikungakhale kwapafupi kusonkha ndalama n'kugula bulangeti lolemera lija la kambuku?

Amayi aakulu (Dedza): Achimwene, loterolo ali nalo, munawagulira ndinu. Amati likulemera pachifuwa, moti amangolipinda kumiyendo. Koma chisanu cha kuno mukuchidziwa, June ndi July m'mawa mano amachita kugogoda. Usiku amafunda zitenje ziwiri ndi juzi, kenako m'mawa msana ukuwawa. Chinthu chopepuka koma chofunda ndiye chikufunika.

Amayi (ondibereka ine): Ine ndavomera. Tisaiwale kuti mayunifolomu athu onse ankasoka okha usiku pa koloboyi, mpaka maso kufiira. Palibe ngakhale mmodzi wa ife amene anawasokerako kanthu.

Ine: Amayi aang'ono, tifotokozereni bwino, ife ana sitidziwa poyambira. Nsalu tigule ya mtundu wanji?

Amayi aang'ono (Zomba): Musagule, mwanawe. Apo ndiye pagona nkhani. Ndikufuna nsalu zoti munavalapo, zoti amayi akaziona azizindikira. Chitenje chimene unaberekera mwana, cha pachinkhoswe, cha kutchalitchi, diresi imene inakuthina. Ana a amayi tilipo anayi, ndiye nyumba iliyonse itumize zigamba 20. Mugawane ndi ana ndi adzukulu anu.

Amayi aakulu (Dedza): Ndayeza matiresi amayi ali kuseri kusenda nyemba. M'lifupi masentimita 137, m'litali 188.

Amayi aang'ono (Zomba): Zikomo achemwali, zikukwana bwino. Chigamba chilichonse chikasokedwa chidzakhala masentimita 20 mbali zonse. Tikandanda 8 chopingasa ndi 10 chotsika, tipeza 160 ndi 200. Ndikaika mkombero wa masentimita 10 kuzungulira, chidzalendewera bwino m'mbali mwa bedi. Koma tamverani: podula mudule 22, osati 20. Sentimita imodzi mbali iliyonse imalowa mumsoko. Amene adule 20 ndendende, chigamba chake sichilowa pamzere.

Achimwene (Joni): Ine ndilibe chitenje amayi 😄 ndingotumiza ndalama basi?

Amayi aang'ono (Zomba): Ndalama utumize, ndipo nsalu utumizenso. Shati ya thonje ili bwino. Jinzi ayi, ndi yolimba, imathyola singano ndipo imakoka zinzake.

Achimwene (Joni): Chabwino. Alamu anu a kuno ali ndi nsalu yotchedwa shweshwe, ya buluu yokhala ndi timaluwa ting'onoting'ono toyera, anavala tsiku lija tinkapereka malowolo kwawo. Agogo anaona zithunzi zokha. Akuti adulapo zigamba zitatu.

Achemwali (Leeds): Shweshwe ikakhala yatsopano imakhala yolimba ngati pepala chifukwa cha sitachi, koma poti anavala kale ndi kuchapa, yafewa imeneyo. Idzakongola pakati pa zitenje.

Lachiwiri

Msuweni (Ntcheu): Azakhali, mwadzuka bwanji? Ndayamba kudula koma nsalu ikuthawa, mbali ina ikutalika.

Amayi aang'ono (Zomba): Ima kaye! Nonse werengani izi musanagwire sizasi. Choyamba chapani nsalu iliyonse payokha, makamaka zofiira ndi zobiriwira. Madzi akamasintha mtundu, tsukuluzani mpaka ayere, chifukwa chigamba chimodzi chotuluka utoto chikhoza kuononga chofunda chonse tsiku loyamba kuchapa. Thonje limafupikanso likalowa m'madzi koyamba, ndiye kuli bwino lifupike lisanasokedwe. Ikauma musite. Kenako dulani katoni ya 22 ndi 22, muiike pansalu, muzungulize ndi choko kapena kachidutswa ka sopo wouma, mudule potsata mzerewo. Katoniyo igone molunjika ndi m'mphepete mwa nsalu, osati mopendekeka. Mukadula mopendekeka nsalu imatamuka ngati lasitiki, n'zimene zakuchitikira iwezo.

Msuweni (Ntcheu): Ndamva azakhali. Mwayi ndangoononga chimodzi. Ndi kapulana imene amayi anga anagula ku Vila Ulongwe, yatsala yambiri.

Amayi: Chinanso, yang'anani ngati chitenje chili cha thonje lenileni. Zotchipa zamasiku ano zambiri ndi za polisitala, zimaterera ndipo simbi ya makala ikapsa zimakwinyika kapena kuboola. Zakale zija za kwa Whitehead ku Blantyre, ngati wina akadali nacho m'sutikesi, ndiye zabwino zedi posoka.

Amayi aakulu (Dedza): Ndili nazo ziwiri. Ndili nachonso cha amayi eni ake cha nkhope ya Kamuzu chimene ankavinira nthawi ya mbumba, anandipatsa kalekale.

Amalume: Apo tiyeni tisamale. M'banja muno timavota mosiyana, ndipo sindikufuna kuti tsiku la amayi lisanduke msonkhano. Zitenje za zipani zisalowemo, zakale kapena zatsopano.

Amayi aakulu (Dedza): Ndamva achimwene. Ndiye m'malo mwake ndidula cha msonkhano wa Chigwirizano, gulu lija la amayi a kutchalitchi. Chimenecho akachiona adzayamba kuimba pomwepo.

Achemwali (Leeds): Amayi aang'ono, m'kati muikamo chiyani? Kuno amagulitsa thonje lopyapyala lokhala ngati bulangeti, loika pakati pa nsalu ziwiri. Ndi lopepuka, koma kutumiza kudula kuposa kugula kwake, ndipo mwina lingafike July atadutsa.

Amayi aang'ono (Zomba): Usavutike mwanawe. Ndikasankha bulangeti lopyapyala la filisi pa kaunjika, ndichape bwino ndi kuyanika padzuwa tsiku lonse. Limafunditsa, silemera, ndipo limauma msanga, nanga si amene azichapa ndi achemwali. Pansi pake ndiika nsalu imodzi yosakhala ndi maluwa. Zonse zikhala zitatu: zigamba pamwamba, bulangeti pakati, nsalu pansi.

Ine: Makina anu aja a phazi angathe kuboola zitatu zonsezo?

Amayi aang'ono (Zomba): Zigamba ndilumikiza pamakina, mzere ndi mzere, singano nambala 14. M'mphepete ndisintha kuika 16. Koma pakati sindidutsitsa pamakina, chinthu chachikulu chotere chimakwinyika pansi iwe osaona. Tidzayala pamphasa, tikhome mapini motalikirana ngati chikhatho, kenako tidzamange ndi ulusi wolukira majuzi pamphambano iliyonse pamene zigamba zinayi zakumana. Mfundozo ndi 63, ndipo ndikufuna aliyense amange yake ndi dzanja lake, ndi ana omwe.

Lachitatu usiku

Amalume: Pali chinthu chimene chandisowetsa tulo kuyambira dzulo. Pogawa zovala za malemu bambo, ine ndinalandira shati yawo ya mandalasi ija ankavala Lamulungu. Sindinaivalepo, ili m'sutikesi mpaka lero. Ndimaganiza kuti mwina tidulepo chigamba chimodzi chikhale pakati penipeni. Koma sindikudziwa ngati n'zoyenera.

Amayi: Achimwene, mwandiliza. Shati imeneyo ndikuikumbuka, kolala yake amayi anaitembenuza kawiri.

Amayi aakulu (Dedza): Ine mtima wanga ukukana. Sindikunena kuti n'zoipa, koma ndine ndimagona nawo nyumba imodzi. Pali masiku amadzuka n'kunena kuti abambo anu ndawalota, ndiye tsiku lonse osadya bwino. Mwambo wonse unachitika, zovala zinatuluka m'nyumba. Tsono ife tibweze chovala cha malemu, n'kuwafunditsa usiku uliwonse osawafunsa? Komanso akuchimuna akamva adzati chiyani, poti zinthu zinagawidwa pamaso pawo?

Achimwene (Joni): Pepani ndilankhuleko ngakhale ndili mwana. Chofunda cha zaka 80 za agogo chopanda agogo aamuna chikhala ndi dzenje. Zaka zambiri mwa zimenezo anali limodzi.

Achemwali (Leeds): Kumene ndimagwira ntchito yosamala okalamba ndaonapo mabanja akusoka mapilo ndi malaya a malemu. Ena amaukumbatira pilowo tsiku lonse, ena safuna n'kuuona komwe. Zimatengera munthu. Amene angadziwe ndi agogo okha.

Msuweni (Ntcheu): Koma tikawafunsa ndiye kuti chinsinsi chaululika.

Amayi aang'ono (Zomba): Ndakhala chete ndikuwerenga. Ndikukumbutseni chinthu chimodzi, makamaka ana inu amene simunazione. Makina a Singer amene ndisokere chofundachi si anga. Bambo anabwera nawo kuchokera ku migodi ya ku Joni, ulendo wawo womaliza wa Wenela, bungwe lija linkalemba anthu ntchito ya kumigodi. Ndege itagwa ku Francistown mu 1974 n'kupha a Malawi ambiri amene ankabwerera kwawo, boma linaletsa zopita ku migodi, ndipo bambo sanapitenso. Ena anabwera ndi mawayilesi ndi njinga, iwo anasenza mutu wa makina, miyendo yake n'kudzapeza kuno. Amayi anasokera makina amenewo zaka zonse mpaka maso atayamba kuchita khungu, n'kundipatsa ine. Ndiye msoko uliwonse pachofundachi bambo alimo kale. Amayi akadzafunsa kuti mwasokera chiyani, ndidzawauza.

Amalume: Alongo, zimenezo ndinali nditaziiwala. Ndinkapalasa makinawo ndili mwana amayi akatuluka, mpaka lamba kuduka.

Amayi: Nanga shatiyo?

Amayi aang'ono (Zomba): Maganizo anga ndi akuti isalowe pachofunda. Koma chikwama chimene amayi amanyamulira Baibulo ndi buku la nyimbo chinatha, chogwirira anachimanga ndi chingwe. Ngati iwo eni atalola, shatiyo ingakhale nsalu ya m'kati mwa chikwama chatsopano. Akafuna kuiona atsegula, akapanda kufuna atseka. Ndipo za chikwamazo tingathe kuwafunsa poyera osatchula chofunda.

Amayi aakulu (Dedza): Apo ndiye ndagwirizana nazo. Koma ndisafunse ine. Apite achimwene okha, ndiwo eni mbumba, ndipo shatiyo ndi yawo. Ayambe adzera kwa azakhali, mlongo wawo wa bambo, kuti akuchimuna asadzamve mphekesera.

Amalume: Ndipita Loweruka. Sizasi isakhudze shatiyo mpaka nditabwera ndi yankho.

Loweruka madzulo

Amalume: Ndabwerako. Azakhali alola, akuti mlongo wawo ankakonda kuona zinthu zikugwira ntchito. Amayi ndinawapeza pakhonde akuwothera dzuwa. Nditatulutsa shatiyo anaigwira nthawi yaitali osalankhula, kenako anayang'ana kolala. Akuti chikwama asokeredwe, koma thumba la pachifuwa lisadulidwe, likhale momwemo m'kati kuti aziikamo chopereka.

Amayi: Ambuye alemekezeke.

Amayi aang'ono (Zomba): Thumbalo ndilisunga ndi batani lake lomwe. Achimwene, shatiyo musaipatse kondakitala, mubwere nayo nokha kapena mupatse mwana wa m'banja.

Msuweni (Ntcheu): Ndikatenga ine kwa bambo, azakhali. Sabata yamawa ndikupita ku Liwonde kukaoda nsomba, ndifika mpaka ku Zomba. Zigamba za ku Dedza ndi za kuno ndinyamula limodzi.

Ine: Za ku Lilongwe ndasonkhanitsa 14, zatsala za achimwene ndi achemwali. Mng'ono wanga wadula pa yunifolomu yake ya Fomu 4, akuti agogo ndi amene anamulipirira mayeso atagulitsa mbatata.

Achemwali (Leeds): Zanga zitatu ndapatsa mnzanga wa kutchalitchi amene akutera pa Kamuzu International Airport Lachinayi. Chimodzi ndi cha chitenje chimene agogo anandipatsa tsiku lonyamuka, ndadula pakona pokha. Ulandire iwe, ndakutumizira nambala yake kumbali.

Achimwene (Joni): Zanga zikwera basi ya Lolemba. Ndalama ya bulangeti, ulusi ndi nsalu ya pansi ndatumiza kwa amayi, aiike pa Mpamba ya amayi aang'ono.

Amayi aang'ono (Zomba): Zikomo nonse. Zigamba zonse zifike kuno pasanafike pa 10 June, chifukwa ndiyenera kuziyala pansi kaye ndione mitundu, zowala zisaunjikane mbali imodzi. Kuseri kwa chigamba chilichonse mulembe dzina la mwini wake ndi pensulo, osati bolopeni, inki imadutsa. Zidutswa zotsala musataye, muike m'jumbo limodzi, ndisokere achemwali apuloni ndi zogwirira mapoto, poti ndiwo akusamala amayi tsiku ndi tsiku.

Amayi aakulu (Dedza): Ayi ine musandivutikire.

Amayi aang'ono (Zomba): Ndanena kale achemwali. Tsono mfundo zija tidzamanga pa 5 July usiku kunyumba kwa achimwene, amayi asanatione. Amene muli kunja, mudzaimbe pa vidiyo, wina adzakumangireni inu mukuona.

Achemwali (Leeds): Yanga adzamange mwana wa msuweni, wamng'ono uja. Ikhale pafupi ndi chigamba cha Chigwirizano.

Amayi aakulu (Dedza): Ndazimitsa kaye foni, akundiitana kuti ndiwawerengere Salimo. Singano zazikulu za ulusi wa juzi ndili nazo zinayi, wina abwere ndi zina.