Foni yanga yasintha kalankhulidwe itangolandira update ya Android

Wogula mtedza, Chamama:

Moni nonse. Ine ndili ndi vuto la kusaona, ndipo kwa zaka 4 ndakhala ndikuyendetsa bizinesi yanga yogula mtedza ndi soya kudzera pa foni, mothandizidwa ndi TalkBack, imene imandiwerengera zonse zolembedwa pa sikirini. Lachisanu lapitali mwana wa mlongo wanga anaipititsa foniyo ku boma kukakonzetsa pochajira, ndipo kumeneko anaivomereza kuti ilandire update. Chibwerereni kumeneko, zinthu zitatu zandisokoneza. Mabatani atatu a m'munsi mwa sikirini, amene ndinkawapeza ndi chala mosavuta, asowa. Mawu amene ankandiwerengera mauthenga a Chichewa asintha, tsopano akuwerenga ngati mzungu amene wangofika kumene, moti uthenga wa mlimi wa ku Mtunthama wonena za matumba 12 ndinaumvetsera kanayi osamva kanthu. Chachitatu, ndikaika chala pa chilembo n'kuchichotsa, chilembocho sichikulembedwa monga kale. Dzulo ndinachita kupempha mnyamata wa pa sikelo kuti anditumizire ndalama, zimene zinatanthauza kumuuza nambala yanga yachinsinsi, ndipo usiku wonse sindinagone. Kodi pali njira yobwezera foniyi mmene inalili?

Mphunzitsi wa ana osaona, Kasungu boma:

Pepani kwambiri bambo. Poyamba, sinthani nambala yachinsinsiyo lero lomwe, musanayambe kulimbana ndi zina zonsezi.

Kubwezera Android yakale si chinthu chapafupi, ndipo kawirikawiri kumafufuta zonse za m'foni, choncho sindikukulangizani zimenezo. Zimene mwatchulazi zikuoneka kuti ndi masetingi amene abwerera mwakale mwa fakitale, ndipo zonse zimakonzeka. Mabatani aja alowedwa m'malo ndi kayendetsedwe ka manja kamene kanabwera ndi Android 10 mu 2019. Lowani mu Settings, fufuzani mawu akuti navigation, ndipo musankhe 3-button navigation. Pamene musanafike kumeneko, TalkBack ili ndi njira zake zosadalira mabatani: mukakoka chala chimodzi kutsika kenako kumanzere osachichotsa pa sikirini mumabwerera m'mbuyo, ndipo mukachikoka kukwera kenako kumanzere mumafika pa tsamba loyamba. Ana athu ndimawauza kuti ayerekeze kuti akulemba ngodya ya nyumba, chifukwa chala chikakhota mozungulira foni siimva.

Za kulemba, tsegulani menyu ya TalkBack pokoka chala kutsika kenako kumanja, kapena pogogoda kamodzi ndi zala zitatu ngati foni yanu ili pa Android 11 kapena kuposa. Mu masetingi a TalkBack muli gawo la typing preference, ndipo pamenepo musankhe kuti chilembo chizilembedwa mukachotsa chala, osati mukagogoda kawiri. Ngati munazolowera mamenyu awiri amene TalkBack inali nawo kale, dziwani kuti kuyambira pa TalkBack 9.1 ya mu 2021 anawaphatikiza kukhala imodzi, ndipo ambiri amene ndawathandiza ankaganiza kuti menyu ina yatayika.

Mayi wa ku Kamwendo, Mchinji:

Aphunzitsi afotokoza bwino, ine ndingowonjezera pa nkhani ya mawu, chifukwa ndi imene inandiliza chaka chatha. TalkBack payokha siilankhula, imangotumiza zolembedwa ku pulogalamu ina imene imatulutsa mawu. Mukalowa mu Settings, kenako Accessibility, kenako Text-to-speech output, mupeza pamene pamasankhidwa pulogalamuyo. Ndikukhulupirira kuti amene anakukonzerani foni poyamba anakuikirani mawu a Chiswahili, ndipo update yawabwezera ku Chingerezi. Ambirife timatero chifukwa Chiswahili chimawerengedwa monga mmene chalembedwera, mavawelo ake ndi asanu ngati athu, ndiponso chimatsindika silabulo yachiwiri kuchokera kumapeto, zimene zimafanana ndi mmene timakokera mawu m'Chichewa. Ine ndimagwiritsa ntchito pulogalamu ya mawu yotchedwa eSpeak, imene ili ndi Chiswahili ndipo siifuna intaneti. Mawu ake ndi ouma ngati a wailesi yakutha mabatire, sindikana, koma ikawerenga kuti matumba mumamva matumba, ndipo khutu limazolowera pakatha sabata imodzi. Mawu onga akuti psa ndi bzala imapunthwa nawo ndithu.

Kenako muyang'ane masetingi a batire. Mafoni ena amatseka mapulogalamu ogwira ntchito kumbuyo pofuna kusunga moto, ndipo mukapanda kuipatula pulogalamu ya mawuyo, foni imangokhala chete pakati pa ntchito. Zinandichitikira ndili pa mzere wa ku chipatala, mwana ali kumsana, ndikufuna kuimbira bambo ake. Ndinagwira mabatani onse awiri a voliyumu kwa masekondi 3 kuti TalkBack izime, ndinateronso kuti iyake, ndipo inayambanso kulankhula. Onetsetsani kuti njira yachidule imeneyi ndi yotsegula pa foni yanu.

Ineyo chichitikireni zimenezi ndinatseka ma update onse, ndipo sindilola munthu kuikhudza foni yanga.

Wokonza mafoni, msika wa Kasungu:

Amayi, pa mfundo yomalizayo ndikusiyana nanu mwaulemu. Ma update ambiri amabwera kudzatseka mipata imene akuba amalowera, ndipo foni imene mumasungamo ndalama za bizinesi siyenera kukhala zaka osalandira. Komanso TalkBack imabwera kudzera mu pulogalamu ya Android Accessibility Suite pa mafoni ambiri, ndipo zabwino zina, monga kiyibodi ya zilembo za Braille imene inabwera mu 2020, simukanazipeza mukanatseka kalekale. Chimene ndingavomereze n'chakuti update isamachitike mwini wake osadziwa. Mu Play Store mungasankhe kuti mapulogalamu asamadzisinthe okha, ndipo update yaikulu ya Android muziichita tsiku limene simukupita ku msika, batire itadzadza, pali munthu wodalirika pafupi woti akuwerengereni sikirini ngati foni yadzuka ili duu.

Ndivomerenso kuti ife okonza mafoni tili ndi chizolowezi choipa. Foni ikabwera ikulankhula, timafulumira kuizimitsa TalkBack chifukwa imatichedwetsa, timadina update poganiza kuti tikuchita zabwino, ndipo timaibweza osafunsa kuti mwini wake amaigwiritsa ntchito motani. Ine ndinasiya zimenezi nditaona gogo wina atakhala pa benchi langa ola lathunthu akusisita sikirini imene siinkamuyankha.

Wogula mtedza, Chamama:

Zikomo kwambiri nonse. Nambala yachinsinsi ndasintha m'mawa uno, mkazi wanga ali pambali. Mabatani atatu abwerera, kulemba kwakhala monga kale, ndipo amayi a ku Kamwendo munalondola, mawu anali atabwerera ku Chingerezi. Uthenga uja ndaumva tsopano: mlimiyo amanena matumba 12 a mtedza wosasenda, ndipo ndikanapita ndi ndalama za wosenda.

Chatsala chimodzi. Ndikamatumiza ndalama kudzera pa makodi oyamba ndi nyenyezi aja, foni ikutchula mokweza nambala iliyonse imene ndikulemba, kuphatikizapo yachinsinsi, ndipo pa sikelo pamakhala anthu ambiri.

Mphunzitsi wa ana osaona, Kasungu boma:

Bambo, TalkBack imabisa nambala pokhapokha ngati bokosi lolembamolo lalembedwa kuti ndi la mawu achinsinsi, pamene mabokosi a makodi amenewo imawaona ngati wamba. Muzivala mahedifoni a waya nthawi zonse potumiza ndalama, khutu limodzi lokha kuti linalo lizimva za pa sikelo. Mu menyu ya TalkBack mulinso Hide screen, imene imadetsa sikirini kuti woima kumbuyo kwanu asaone zimene mukulemba. Ngati mudzafika ku boma Loweruka, mundilembere uthenga wapadera, tidzakhale pansi tiyesere limodzi kangapo musanabwerere ku Chamama.